Masiku Amene Anasowa pa Kalendala ndi Masiku Amene Anthu Anadzipangira

Aphunzitsi Opuma, Zomba

Mwadzuka bwanji nonse a pa gulu lino? Monga mwa chizolowezi chathu chofunsana m'mawa uliwonse kuti lero ndi tsiku lanji, ndabwera ndi nkhani ya pa 5 Okutobala. Ambiri mukudziwa kuti lero ndi Tsiku la Aphunzitsi pa Dziko Lonse, limene bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1994, ndipo ndikuthokoza onse amene mwanditumizira mafuno abwino. Koma chimene chimandikondweretsa kwambiri pa deti limeneli ndi chakuti m'chaka cha 1582, ku Roma, ku Spain, ku Portugal ndi ku Poland, tsiku la 5 Okutobala silinakhaleko n'komwe. Anthu anagona usiku wa Lachinayi pa 4 Okutobala, ndipo kutacha linali Lachisanu pa 15 Okutobala.

Chinachititsa ndi ichi. Kalendala imene Julius Caesar, mtsogoleri wa Aroma akale, anakhazikitsa inkawerenga kuti chaka chili ndi masiku 365 ndi maola 6, pomwe kuzungulira kwa nyengo za pachaka kumatha kutatsala mphindi pafupifupi 11 kuti nthawi imeneyo ikwane. Mphindi 11 ndi zochepa kwambiri moti munthu sangazizindikire pa moyo wake wonse, koma zikaunjikana zimakwana tsiku lathunthu pa zaka pafupifupi 128 zilizonse. Pofika nthawi ya Papa Gregory XIII, tsiku limene usana ndi usiku zimafanana kutalika, lomwe mpingo unkaliwerenga kuti ndi 21 Malichi, linali litabwerera mpaka cha pa 11 Malichi. Papayo anamvera malangizo a akatswiri, makamaka sing'anga wina dzina lake Aloysius Lilius ndi wansembe wodziwa masamu Christopher Clavius, ndipo analamula kuti masiku khumi achotsedwe kamodzi n'kamodzi. Kalendala yapachikidwa pakhoma la nyumba yanuyo ndi imeneyo.

Atelala a ku Ndirande

Tadzuka bwino Aphunzitsi, kaya inu, ndipo tsiku lanu likhale lokoma. Ine funso langa ndi la munthu wokhala m'nyumba ya lendi. Ngati mwezi wa Okutobala unali ndi masiku 21 okha, kodi eni nyumba analandira ndalama ya mwezi wathunthu? Nanga munthu amene anabwereka ndalama n'kulonjeza kubweza pa 10 Okutobala anatani?

Aphunzitsi Opuma, Zomba

Mayi, funso lanulo linawadetsanso nkhawa anthu a nthawi imeneyo, ndipo kalata ya Papa inaliyankha. Inalamula oweruza milandu kuti pa nkhani za ngongole ndi malipiro a pamwezi kapena a pachaka aziwonjezera masiku khumi pa tsiku lolipira, kuti wina asapwetekeke chifukwa cha kusinthaku. Onaninso kuti masiku a pamlungu sanasokonezedwe: Lachinayi linatsatidwa ndi Lachisanu monga mwa nthawi zonse, choncho Lamlungu linafika pa nthawi yake.

Anamwino a ku Leeds

Moni nonse kumudzi. Kuno ku Britain anakana kutsatira lamulo lochokera kwa Papa kwa zaka 170, chifukwa dzikoli linali litapatukana kale ndi mpingo wa Roma. Pamene anavomera mu 1752, kusiyana kunali kutakwana masiku 11, ndipo Lachitatu pa 2 Seputembala linatsatidwa ndi Lachinayi pa 14 Seputembala. Anthu kuno amakonda kusimba kuti panabuka zipolowe za anthu ofuna kuti boma liwabwezere masiku awo, koma odziwa mbiri amanena kuti nkhaniyi inakula chifukwa cha chithunzi chimene William Hogarth anajambula chosonyeza phokoso la pa chisankho.

Chimene chimatikhudza ife ogwira ntchito kuno mpaka lero ndi msonkho. Kale chaka chatsopano ku England chinkayamba pa 25 Malichi, ndipo chaka cha msonkho chinkatsatira deti lomwelo. Masiku atachotsedwa, osunga chuma cha boma sanafune kutolera msonkho wa chaka choperewera, choncho anakankhira mapeto a chakacho m'mwezi wa Epulo. N'chifukwa chake chaka cha msonkho kuno chimayamba pa 6 Epulo, deti limene limadabwitsa aliyense wobwera kumene akayamba kulandira mapepala a malipiro.

Akatekisiti a ku Dedza

Aphunzitsi atchula za usana ndi usiku kufanana, ndipo ndifuna ndionjezere chifukwa chimene mpingo unadera nkhawa nazo. Tsiku la Pasaka limawerengedwa kuchokera pamenepo: ndi Lamlungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake. Kalendala ikanapitiriza kutsetsereka, Pasaka ikanachoka pang'onopang'ono m'nyengo yake. Mipingo yambiri ya Orthodox imawerengabe Pasaka ndi kalendala yakale ija, ndipo ya ku Russia ndi ku Serbia imachita Khirisimasi pa 7 Januwale, lomwe kwa iwo ndi 25 Disembala.

Pali kankhani kena kamene ndimakonda kuuza ana a katekisimu. Teresa Woyera wa ku Ávila anamwalira usiku womwewo wa kusintha kwa kalendala, choncho anatsirizika pa 4 Okutobala ndipo m'mawa mwake munali pa 15 Okutobala. Mpingo umamukumbukira pa 15 Okutobala. Ife kuno ku Malawi deti lomwelo ndi Tsiku la Anakubala, tsiku la tchuthi limene ana amagulira amayi awo chitenje ndi shuga. Zimandikomera mumtima kudziwa kuti tsiku limene timalemekeza amayi athu ndi lomwenso linali loyamba pa kalendala imene pafupifupi dziko lonse likugwiritsa ntchito.

Wophunzira wa ku Mzuzu

Zikomo makolo anga pondilola kuikapo mawu. Kuchotsa masiku khumi kunakonza cholakwa chakale chokha, koma panafunikanso lamulo loletsa kuti vutolo libwererenso. Lamulolo ndi ili: chaka chilichonse chogawika ndi 4 chimakhala ndi 29 Febuluwale, kupatula zaka zothera ndi maziro awiri, zimene zimayenera kugawika ndi 400. Motero 1700, 1800 ndi 1900 zinalibe 29 Febuluwale, 2000 inali naye, ndipo 2100 sidzakhala naye. Mwana wobadwa pa 29 Febuluwale 2096 adzadikira mpaka 2104 kuti aone deti lake lobadwa pa kalendala.

Koma dziko limene linandiseketsa nditawerenga mbiri yake ndi Sweden. Iwo anaganiza zosintha mwapang'onopang'ono, posiya kuika 29 Febuluwale kuyambira 1700 mpaka 1740, kuti masiku 11 athe okha popanda wina kudandaula. Mu 1700 anachitadi zimenezo, koma dziko linalowa m'nkhondo yaikulu ndipo mu 1704 ndi 1708 tsikulo linaikidwamo monga kale. Zotsatira zake anakhala ndi kalendala yawoyawo, yosagwirizana ndi yakale ngakhalenso yatsopano. Mfumu Charles XII inalamula kuti abwerere ku kalendala yakale, ndipo kuti abweze tsiku limene anachotsa lija, chaka cha 1712 chinakhala ndi 30 Febuluwale. Anadzasintha kwenikweni mu 1753.

Anamwino a ku Leeds

Achimwene a ku Mzuzu, mwana wobadwa pa 30 Febuluwale 1712 ndiye anali ndi nkhani yosimba moyo wake wonse. Ku chipinda cha amayi oyembekezera ndaonapo amayi ena akupempha Mulungu kuti mwana achedweko pang'ono afike pa 1 Malichi, pomwe ena amakondwa kuti mwana wawo adzakhala ndi tsiku losowa, limene limabwera kamodzi pa masiku 1,461. Ine ndimakhala mbali ya okondwawo, chifukwa ana otere amapeza mwayi wokondwerera masiku awiri, 28 Febuluwale ndi 1 Malichi, ndipo palibe amene angawatsutse.

Mayi a Bizinesi, Lilongwe

Mwaswera bwanji a pa gulu? Inu mukukamba za kale, koma pali dziko la mu Africa muno limene mpaka lero lili ndi kalendala yakeyake, ndipo amene timadutsira ku Addis Ababa popita kukaoda katundu timaziona ndi maso. Ku Ethiopia chaka chili ndi miyezi 13. Miyezi 12 ili ndi masiku 30 uliwonse, ndipo pamapeto pali kamwezi kotchedwa Pagume, ka masiku 5, kapena 6 pa chaka chachinayi chilichonse. Chaka chatsopano, chimene amachitcha Enkutatash, chimayamba pa 11 Seputembala, nthawi zina pa 12, mvula yaikulu ikangotha ndipo mapiri atadzaza maluwa achikasu. Chiwerengero cha zaka zawo chimatsalira ndi zaka 7 kapena 8 poyerekeza ndi chathu, moti chikondwerero cholowa m'chaka cha 2000 iwo anachita mu Seputembala 2007.

Ngakhale maola amawerenga mosiyana. Tsiku limayamba dzuwa likamatuluka, choncho imene ife timati 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba, ndipo 12 koloko masana ndi ola lachisanu ndi chimodzi. Mukamapangana ndi munthu kumeneko ndi bwino kufunsa kuti akunena nthawi ya kwawo kapena ya alendo. Kunena zoona, kawerengedwe kawoko ndimakaona kuti n'kanzeru, pakuti m'mayiko athu otentha ano dzuwa limatuluka pafupifupi nthawi imodzimodzi chaka chonse, ndipo palibe munthu wa kumudzi amene amaona kuti tsiku layamba pakati pa usiku.

Agogo Aakazi a ku Nkhotakota

Ana anga, mdzukulu wanga akundilembera mawuwa pa foni. Ndamvetsera zonse ndipo ndasangalala, koma ndikufuna mukumbukire kuti makolo athu anakhala moyo wokwanira popanda pepala la madeti. Mwezi ankauona kumwamba, ukakhala, ukakula ndi ukafa. Chaka ankachidziwa ndi mvula, ndi dzinja, ndi masika, ndi mphepo ya mwera pa nyanja, ndi kutentha kwa chilimwe. Ukafunsa munthu wamkulu kuti anabadwa liti, ankayankha kuti chaka cha dzombe, kapena chaka chotsatira njala yaikulu ija, imene inu ophunzira mumati ya 1949. Anzathu a ku Zomba ankawerengera kuchokera pa Napolo wa 1946. Munthu wotero ukanamuuza kuti mfumu yachotsa masiku khumi, akanangoyang'ana mtengo wa mango n'kuona kuti zipatso zikukula monga dzulo.

Sindikunyoza kalendala, chifukwa ndi imene imandiuza tsiku lopita ku sikelo ya matenda a shuga. Ndikungonena kuti tsiku lokoma silidikira kuti lilembedwe ndi inki yofiira.

Bambo a ku Chipata

Agogo mwalankhula bwino, ndipo miyambo yathu ikuchitira umboni. Kuno Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni imachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale chifukwa ndi nthawi ya zipatso zoyamba za m'munda, ndipo Kulamba ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, kumachitika kumapeto kwa Ogasiti anthu atakolola. Nyengo ndi imene inayamba, deti linabwera pambuyo.

Koma ndikufuna nditembenuzire nkhaniyi ku masiku amene maboma amapanga, chifukwa ena ndi odabwitsa ndithu. Kuno ku Zambia tili ndi Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti, ndipo ndi tchuthi cha dziko lonse. Ku Turkmenistan anapitirira pamenepo: mu 1994 mtsogoleri wawo Saparmurat Niyazov anakhazikitsa tsiku lolemekeza mavwende a kwawoko, Lamlungu lachiwiri la Ogasiti. Ku Lopburi m'dziko la Thailand, kumapeto kwa Novembala, anthu amayala matebulo a zipatso ndi ndiwo zamasamba kuti anyani a m'tauniyo adye phwando, powathokoza kuti amakopa alendo. Ndipo ku Samoa, chaka cha 2011, boma linalumpha Lachisanu pa 30 Disembala kuti masiku awo a ntchito azifanana ndi a ku Australia ndi New Zealand, kumene amachita nako malonda kwambiri, koma linalamula kuti antchito alipidwe ndithu malipiro a tsiku limene silinakhalekolo. Atelala a ku Ndirande, ndikhulupirira kuti yankho limenelo likukomerani.

Mlimi wa ku Lizulu

Bambo a ku Chipata, za mavwende ndavomereza ndi mtima wonse, chifukwa dziko lolemekeza mbewu yake likulemekeza thukuta la mlimi. Za anyani zandivuta pang'ono, poti kwathu kuno anyani sadikira kuitanidwa. Koma chimene chimandipweteka kwenikweni ndi chikondwerero cha ku Buñol ku Spain, chimene ndinaona pa kanema, kumene Lachitatu lomaliza la Ogasiti anthu amagendana ndi tomato woposa matani 100 mpaka msewu wonse kufiira. Ine ndimadziwa ntchito imene ili pa dengu limodzi la tomato: kufesa pa nazale, kuokera, kuthirira ndi ndowa m'dimba, kuzika timitengo, kugula mankhwala, kenako kukhala pa msewu tsiku lonse kudikira galimoto iime. Sindingathe kuona chakudya chikupondedwa n'kunena kuti ndi chisangalalo.

Wophunzira wa ku Mzuzu

Bambo, maganizo anu ndawamva ndipo ndi olemera. Okonza mwambowo amayankha kuti amagwiritsa ntchito tomato wopsa kwambiri ndi wosagulika pa msika, ndiponso kuti alimi amalipidwa. Kugendanako kumatenga ola limodzi lokha, ndipo kuyambira 2013 munthu amagula tikiti kuti alowe, zimene zimabweretsa ndalama ku tauni yaing'onoyo. Komabe ndikuona kuti funso lanu likhalabe, chifukwa munda, madzi ndi fetereza zimene zinalowa pa tomatoyo zikanatha kutulutsa chakudya.

Mlimi wa ku Lizulu

Ndi pomwepo mwana wanga. Mlimi akhoza kulipidwa, koma sanalime kuti anthu aponde. Ngati akufuna tsiku la tomato, aphike mphika waukulu aitane aliyense adye, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuyamikira.

Akatekisiti a ku Dedza

Kuti mitima itsike, ndiloleni ndisimbe za tsiku limene ndimalisirira kuposa onse atchulidwa pano, ngakhale kuti ndi la chipembedzo china. Pa chilumba cha Bali ku Indonesia, Ahindu amalowa m'chaka chatsopano ndi tsiku lotchedwa Nyepi, limene kawirikawiri limagwa m'mwezi wa Malichi. Madzulo a tsiku lotsogolera kumakhala phokoso lalikulu, achinyamata atanyamula zifanizo zikuluzikulu za ziwanda m'misewu. Kenako kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, chilumba chonse chimakhala chete. Saloledwa kuyatsa moto kapena magetsi owala, kugwira ntchito, kuyenda ulendo, kapena kuchita zosangalatsa zaphokoso. Bwalo la ndege la ku Denpasar, limene limalandira alendo ochuluka zedi, limatsekedwa maola 24, ndipo ngakhale alendo a m'mahotela amapemphedwa kuti asatuluke kunja kwa mpanda. M'misewu mumayenda alonda a mwambo okha ndi magalimoto a odwala.

Chimandigwira mtima ndi chakuti anthu amenewa amadalira ndalama za alendo, komabe analolera kutaya malonda a tsiku lathunthu kuti munthu aliyense akhale pansi ndi kudzifunsa za moyo wake. Maholide athu ambiri timatopa nawo kuposa masiku a ntchito, chifukwa timathamangira ku msika, ku ukwati, ku chinkhoswe ndi ku misonkhano, ndipo timabwerera ku ntchito thupi likuwawa. Ndikanakonda tikanakhala ndi tsiku limodzi pa chaka loti wailesi, zimkuzamawu ndi njinga zamoto zonse zipume.

Mayi a Bizinesi, Lilongwe

Akatekisiti, ine monga wamalonda ndikanadandaula m'mawa, koma pofika madzulo ndikanakuthokozani. Tsiku lina limene limandikhudza ndi la ku Bolivia. Dzikolo lilibe gombe la nyanja yamchere, pakuti gombelo linalandidwa ndi Chile pa nkhondo imene inayamba mu 1879, koma pa 23 Malichi chaka chilichonse amachita Tsiku la Nyanja, ndipo asilikali awo a pamadzi, amene amaphunzirira pa nyanja ya Titicaca, amaguba m'misewu ya La Paz. Amene timadikira katundu wochokera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam kwa milungu ingapo tikhoza kumvetsa chifukwa chake mtundu wa anthu ungasunge tsiku lolirira doko.

Atelala a ku Ndirande

Zonsezi zandipatsa maganizo. Ngati ena ali ndi tsiku la mavwende ndipo ena ali ndi tsiku lokhala chete, ife a pa gulu lino tikanapatsidwa mphamvu yoika tsiku limodzi latsopano, tikanasankha chiyani? Ine ndikanasankha tsiku la chimanga chachiwisi, cha m'mwezi wa Malichi, pamene m'nyumba iliyonse mumamveka fungo la mondokwa wootcha ndipo ana amayenda ndi chitsononkho m'manja. Ndi nthawi imene njala ya dzinja imayamba kutha ndipo nkhope za anthu zimasintha.

Aphunzitsi Opuma, Zomba

Mayi, ine ndikanasankha tsiku la chizimalupsa, mvula yoyamba imene tikuiyembekezera m'mwezi uno. Pambuyo pa kutentha konseku, nyenje zikulira m'mitengo ndipo fumbi lili paliponse, madontho oyamba akagwa pa nthaka youma pamatuluka fungo limene munthu aliyense wokulira kuno amalidziwa. Ndili pa ntchito ndinkaona kuti mvula imeneyi ikayamba kugunda pa malata, palibe mwana amene ankamvanso za masamu, ndipo ndinkawalola kuima pakhonde kwa kanthawi kuti aonerere.

Agogo Aakazi a ku Nkhotakota

Mdzukulu wanga wandiuza kuti ku Japan kuli tchuthi cholemekeza okalamba, Lolemba lachitatu la Seputembala, ndipo chimenecho ndachikonda. Koma mukandifunsa za tsiku losangalala, ine ndikuti likhale la ngumbi. Vuto lake ndi lakuti simungalilembe pa kalendala chaka chisanayambe, chifukwa ngumbi zimatuluka pamene zafunira, mvula ikagwa yokwanira kufewetsa chulu. Lingafunike kulengezedwa madzulo omwewo ndi a mfumu, kuti mawa lake kulibe sukulu ndipo kulibe ganyu.

Mlimi wa ku Lizulu

Agogo, tsiku limenelo ndalivomereza popanda kutsutsa, ndipo tomato wothira mu ngumbizo ndidzapereka ine. Ndingopempha kuti lisagwe pa tsiku lodzala, chifukwa mvula yotulutsa ngumbi ndi yomweyo imene imatitumiza ku munda ndi mbewu m'manja. A mfumu adzalengeze tchuthicho patapita masiku awiri, chimanga chitalowa m'nthaka ndipo ngumbi zitakazingidwa, zitauma pa mphasa ndi kupetedwa mapiko.

Bambo a ku Chipata

Kuno timazitcha inswa, ndipo ngati tsikulo likhazikitsidwa, ife a tsidya lino la Mchinji tidzapempha kuti likhale la mayiko onse awiri. Mvula yathu ndi yanu sizisiyana kwenikweni, choncho amene adzayambe kuziona pa nyale adzalembe pa gulu pano kuti enafe titulutse mabeseni.